Tiphunzitse ana kuwerenga zolemba ziwiri pamodzi

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi aphunzitsi anzathu, makolo ndi alangizi a maphunziro kudzera m'nyuzipepala yanu, pa luso limodzi limene tikulinyalanyaza m'sukulu zathu kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza. Luso lake ndi lakuti mwana atenge zolemba ziwiri zokamba nkhani imodzi, aziike pamodzi, n'kutha kunena chimene mlembi aliyense ankafuna ndi pamene anaima poona zimene analembazo. Mwana wa fomu 4 amatha kuloweza masamba ambirimbiri a manotsi osaphonya ngakhale chaka chimodzi, koma mukamupatsa mapepala awiri osagwirizana amangofunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye cholondola n'chiti choti tilembe pa mayeso?" Funsolo si loipa, koma lafulumira. Alipo mafunso ena oyenera kutsogola.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ana, ngakhalenso aphunzitsi ena, amazisakaniza. Cholinga cha mlembi ndi chimene iye akufuna kuti chikuchitikire ukamaliza kuwerenga: udziwe kanthu, ugule katundu, umukhululukire, umutumizire thandizo, unyadire mtundu wako, kapena ukwiye. Pamene mlembi waima ndi nkhani ina. Iye ndi ndani, anaona chiyani ndi maso ake, anangomva chiyani, amadya kwa yani, ndipo n'chiyani chimene sakanatha kuchiona ngakhale akanafuna? Alembi awiri atha kuima malo amodzi koma zolinga n'kusiyana. Athanso kukhala ndi cholinga chimodzi, koma wina akuonera pakhonde la ofesi, wina akuonera kumunda. Mwana akayankha kuti "cholinga chake ndi kutiuza nkhani", dziwani kuti sanayambe n'komwe kuwerenga, pakuti yankho limenelo lingakwane pa pepala lina lililonse.

Makolo athu luso limeneli ali nalo kale. Pabwalo la mfumu, mlandu wa malire a munda sauweruza wodandaula atangokhala pansi. Amamva woyankha, amamva mboni, ndipo nduna zimafunsa kuti mboniyo ndi ndani wake wa mwini mlandu, inali kuti tsiku limenelo, ndipo ipindulapo chiyani mlandu ukakomera mbali iyi. Sanena kuti mboni ndi yabodza chifukwa chakuti ndi mlamu wake wa wodandaula. Amangodziwa kuti mawu ake awalandire motani. Zimatimvetsa chisoni kuti mwana wokulira pabwalo lotere akalowa m'kalasi amaona chilichonse chosindikizidwa ngati chilibe mwini.

Chitsanzo chophunzitsira tili nacho pakhomo pomwe. Mu Okutobala 1896, Inkosi ya Makosi Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi asilikali a boma la atsamunda kufupi ndi Dombole, muno mu Ntcheu. Nthawi imeneyo dziko lino linkatchedwa British Central Africa, likulu lili ku Zomba. Dzina lakuti Nyasaland linabwera mu 1907. Pali mfundo zimene aliyense wokamba nkhaniyi amavomereza. Panali mkangano pa msonkho wa nyumba ndi pa amuna opita kukagwira ntchito m'minda ya azungu kumwera. Ankhondo a Inkosi anathira nkhondo midzi yoyandikana ndi mishoni za Zambezi Industrial Mission. Boma linatumiza asilikali, Inkosi anagwidwa, ndipo anaphedwa. Pa kaphedwe kawo m'pamene njira zimapatukana. Mbali ya boma imati anawazenga mlandu pabwalo la asilikali n'kuwaweruza kuti aphedwe. Angoni amasimba za mfumu imene inakana kuyendetsedwa ngati kapolo anthu ake akuona, ndipo inaphedwera panjira pomwepo.

Musanapereke pepala lililonse kwa ana, afunseni alosere. Mkulu wa asilikali amene wapha mfumu akulembera akuluakulu ake ku Zomba, ndipo akudziwa kuti lipotilo likafika ku London. Akufuna chiyani? Akufuna aoneke kuti anatsata lamulo ndipo sakanachitira mwina. Choncho tiyembekeze kuti pa masiku, pa chiwerengero cha asilikali ndi pa njira imene anadzera asamala kwambiri, ndipo nkhani yake aiyambira pa midzi yothiridwa nkhondo. Mmishoni akulembera Akhristu a kwawo amene amasonkha ndalama zoyendetsera mishoni. Iye ndi mzungu ngati msilikali uja, waima mbali yomweyo, koma akufuna mapemphero ndi thandizo, ndiye tiyembekeze kuti achedwa pa mantha ndi pa anthu othawira kumishoni. Mkulu wa Angoni akulankhula pa Umhlangano, mwambo wa pachaka wa Angoni a Maseko, ku Nkolimbo, achinyamata atakhala pansi akumvetsera. Iye akufuna kuti adziwe kuti ndi ana a yani, ndiye ayambira pa msonkho ndi pa ulemu wa ufumu umene unapondedwa. Taonani kuti nkhani zitatuzi zitha kusiyana kwambiri popanda wina kunama ngakhale kamodzi. Zasiyana poyambira, pochedwa ndi podumpha.

Mphunzitsi wa sukulu yoyendera ku Kandeu kapena ku Mayani anganene kuti zikalata zakalezi zili ku malo osungira zikalata za boma ku Zomba, iye azipeza bwanji? Sizifunika kuti ayambe. Atenge ndime imodzi ya m'buku la mbiri yakale limene ali nalo. Kenako atume ana akafunse agogo awo nkhani yomweyo, alembe theka la tsamba basi, ndipo pamwamba alembepo kuti wawauza ndani, ndi wa m'mudzi uti, nanga iyeyo anaimva kwa yani. Mzere wapamwambawo ndiwo umapangitsa pepala la mwana kukhala umboni. Ukasowa, lasanduka mphekesera. Sukulu za kufupi ndi Mua zili ndi mwayi wina, chifukwa nyumba yosungira zachikhalidwe ya Chamare ili ndi chipinda cha Angoni, ndipo zofotokoza za pamakoma ake nazonso zili ndi amene anazilemba ndi chimene ankafuna.

Phunziro lenilenilo limafuna mapiriyodi awiri otsatana, mphindi 80. Piriyodi imodzi ya mphindi 40 imathera pa kuwerenga kokha. Zolembazo zikhale zazifupi, chilichonse chisapitirire mawu 200, chifukwa mwana ayenera kuziwerenga kangapo ndi kuziona zonse pa nthawi imodzi, osatembenuza tsamba. Kumene kulibe makina okopera mapepala, dulani bolodi pakati ndi choko, kapena lembani kumbuyo kwa makalendala akale awiri n'kuwapachika moyandikana. Magulu akhale a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi. Akachuluka, awiri okha ndiwo amagwira ntchito.

Mphindi 10 zoyamba asawerenge nkhani yeniyeniyo. Aone za pamwamba ndi za pansi zokha: walemba ndani, liti, akulembera yani, zinatulukira pati. Apa m'pamene amalosera monga tanenera. Kenako awerenge, ndipo kwa mphindi 15 adule mzere kunsi kwa zimene zolemba zonse ziwiri zikugwirizana, monga mayina, malo, zaka ndi manambala. Gawo limeneli aphunzitsi ambiri amalidumpha pothamangira kusiyana, koma ndi limene limateteza ana kuti asaganize kuti m'mbiri mulibe choona chilichonse.

Mphindi 25 zotsatira ndizo mtima wa phunziro, ndipo apa mphunzitsi wa Chichewa ali ndi chida chimene mwina sadziwa kuti n'chakuthwa chotere. Ana azungulize mawu otchulira anthu ndi aneni onse ofunika. Munthu mmodzi yemweyo pepala lina limutcha woukira, lina mtsogoleri, lina ngwazi. Gulu limodzi lomwelo lina liti chigulu, lina liti anthu a m'mudzi. Akatero ayang'ane msintho wa aneni, uja timangouphunzitsa ngati galamala youma. Lembani pabolodi ziganizo zitatu zoyerekeza: "Asilikali anatentha nyumba." "Nyumba zinatenthedwa." "Nyumba zinapsa." M'chiganizo choyamba wochita akuoneka. M'chachiwiri wabisala, komabe tikudziwa kuti alipo. M'chachitatu wasoweratu, ngati motowo unangobuka wokha. Funsani kuti mlembi amatchula wochita pa zolakwa za yani, nanga amamubisa pa zolakwa za yani. Kawirikawiri mupeza kuti zoipa za mbali ina zili ndi mwini, koma za mbali yake "zinangochitika". Mwana akaona zimenezi kamodzi ndi maso ake, saiwalanso, ndipo amayamba kuzimva ngakhale pa wailesi.

Pomwepo afunsenso kuti nkhani iliyonse yayambira pati. Woyambira pa kumenya amaonetsa womenyayo ngati woyambitsa. Woyambira pa kulandidwa amaonetsa kumenyako ngati kubwezera. Kenako alembe zimene zili m'pepala loyamba koma mulibe m'lachiwiri, ndi zimene zili m'lachiwiri koma mulibe m'loyamba. Funso lomaliza la gawoli ndi limene ife timaliona kuti n'lolemera kuposa onse: ndani amene palibe m'mapepala onse awiri? Pa nkhani ya 1896, ndi anthu wamba a m'midzi imene nkhondo inadutsamo, amayi ndi ana amene sanalembe lipoti ndipo palibe amene amawaimbira ngoma. Mwana wa Chingoni ayenera kutha kunyadira Inkosi Gomani ndi kufunsanso za anthu amenewo, zonse pamodzi.

Mphindi 30 zotsalazo mwana aliyense alembe yekha ndime imodzi, gulu lisamulembere. Lamulo lochongera likhale limodzi ndipo alidziwiretu: mfundo yopanda mawu otengedwa m'pepala ilibe malikisi. Akalemba kuti mlembi akufuna kudziteteza, asonyeze mawu amene amuuza zimenezo.

Tsono pali zimene zimalakwika, ndipo zimabwerezabwereza. Chofala kwambiri ndi chakuti mwana amalemba chidule cha pepala loyamba, kenako chidule cha lachiwiri, n'kuyesa kuti wayerekeza. Sanayerekeze, wangosanja. Chimachititsa ndi tebulo la madanga awiri limene timawajambulira, loti amadzaza danga limodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi asanayang'ane linalo. Mankhwala ake ndi kuwauza kuti ayende mopingasa, mfundo imodzi pa nthawi, ndipo chiganizo chilichonse chikhale ndi alembi onse awiri, cholumikizidwa ndi mawu monga "pamene", "koma" kapena "onse awiri".

Vuto lina ndi kugamuliratu potengera mtundu wa mlembi. Ena amati mzungu ndi wabodza, agogo ndiwo oona. Ena amati cholembedwa ndicho choona, zapakamwa ndi nthano chabe. Onsewa athawa ntchito. Lipoti lolembedwa patangopita masiku ochepa lingadalirike pa tsiku ndi pa manambala kuposa nkhani imene yadutsa m'kamwa mwa mibadwo inayi, koma silingatiuze mmene anthu anamvera mumtima. Nkhani ya agogo imasunga mayina a malo, nyimbo ndi ululu zimene mlembi wa boma analibe nazo ntchito. Ndipo zapakamwa nazonso zili ndi mbali: mkangano wakale wa pakati pa nyumba ya Gomani ndi ya Kachindamoto, onse a Maseko, musayembekeze kuti ku Lizulu ndi ku Mtakataka ausimba mofanana. Funso loyenera si lakuti tikhulupirire yani, koma lakuti uyu tingamukhulupirire pa chiyani.

Choopsa kuposa zonsezi ndi mwana amene watuluka m'kalasi akunena kuti "onse ndi abodza". Ameneyo tamuwononga, pakuti munthu wosakhulupirira chilichonse amapusitsika mosavuta ngati wokhulupirira zonse. Kukhala ndi mbali si kunama. Ndipo nthawi zina umboni umalemeradi mbali imodzi, ndipo tiyenera kunena mosabisa.

Apa nkhani ya 1959 imathandiza ana a fomu 3 ndi 4. Pa 3 Malichi chaka chimenecho, Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, Dr Banda ndi anthu oposa 1,000 anamangidwa, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa. Boma linati a chipani cha Nyasaland African Congress anakonza chiwembu chopha azungu, amwenye ndi Amalawi ogwirizana ndi boma. Boma la Britain linatumiza komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi woweruza milandu Patrick Devlin, imene inamva mboni zambiri, ndipo mu Julaye inatulutsa lipoti lonena kuti sinapeze umboni wa chiwembu chokonzedwa chotero, ndiponso kuti dziko linali likulamulidwa mwa mphamvu ya apolisi. Boma linatulutsa pamodzi ndi lipotilo chikalata cha Bwanamkubwa choyankha. Apa alembi onse ndi Angelezi, onse ndi a boma limodzi, mwezi ndi umodzi, choncho mwana sangathawire ku khungu la mlembi. Ayenera kuona kuti wina anatumidwa kufufuza pamene wina ankateteza chigamulo chake chomwe. Onjezaninso kuti lipoti la Devlin lomwelo linavomereza kuti boma linayenera kuchitapo kanthu, ndi kuti nkhani za ziwawa zinkakambidwadi pakati pa ena a Congress. Ana amadabwa kuona pepala limodzi likudzudzula mbali zonse, ndipo kudabwa kumeneko n'kwabwino, chifukwa kumawasonyeza chizindikiro chimodzi cha mlembi wofunadi kudziwitsa: amalemba ngakhale mfundo zimene sizikomera mbali imene wayandikira.

Aphunzitsi nafenso timalakwitsa. Timasankha zolemba zosakamba chinthu chimodzi, ndiye kusiyana kumene ana apeza kumakhala kwa mutu, osati kwa alembi. Timanena yankho lathu ana asanawerenge. Sitiwachenjeza kuti mawu a munthu wofunsidwa m'nkhani si maganizo a mtolankhani, monganso mawu a mtengambali m'nkhani yopeka si a mlembi. Maganizo a mtolankhani amaonekera pa amene wamufunsa, amene sanamufunse, ndi amene wamupatsa mawu omaliza. Ndipo tikupempha anzathu kuti asayambire pa ndale za lero. Kalasi imangogawikana motsata zipani za makolo, ndipo palibe amene amawerenganso. Lusolo likakhazikika pa nkhani zakale, adzaligwiritsa ntchito okha.

Wina angaganize kuti izi ndi za mayeso basi. Ayi. Mlimi wa kachewere ku Tsangano kapena ku Bembeke amalandira mapepala awiri onena za matenda a chiwawu. Lina lachokera kwa wogulitsa mankhwala, lili ndi chithunzi cha munda wobiriwira, dzina la mankhwala lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndi kathiridwe kake. Lina lachokera kwa mlangizi, ndipo likunena za mbewu yopanda matenda, kasinthasintha wa mbewu, kusabzala kachewere pamene panali tomato chifukwa matenda ake ndi amodzi, kuzula zomera zokha za chaka chatha, ndi kupopera matenda asanafalikire. Onse awiri atha kunena zoona. Koma wogulitsa alibe chifukwa chokuuza njira zochepetsera kugula kwako, ndipo zimene zimateteza thanzi lako, monga masiku oyenera kudikira usanakolole ndi zovala popopera, zimakhala m'zilembo zing'onozing'ono za pa botolo. Mlangizi naye atha kulemba ngati aliyense ali ndi malo okwanira kusinthasintha, pamene mlimi wathu ali ndi kadimba kamodzi. Mwana wophunzitsidwa bwino akawerengera mayi ake mapepala awiriwa adziwa chotenga pa lililonse. Chimodzimodzinso uthenga umene umazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook wopanda dzina la mlembi kapena tsiku, wongoti "tumizirani ena". Kusowa kwa dzinako ndi yankho kale, ndipo cholinga chake chalembedwa m'mawu omalizawo.

Pempho lathu kwa inu, a Mkonzi, ndi ili. Kamodzi pa mwezi, tipatseniko theka la tsamba pamene mungaikepo zolemba ziwiri zazifupi za Chichewa pa nkhani imodzi, moyandikana, chilichonse chili ndi mzere wonena walemba ndani, liti, ndi kwa yani, popanda inu kugamula. Mungayambe ndi nkhani ya Inkosi Gomani wachiwiri, amene mu 1953 anauza anthu awo kuti akane malamulo a malimidwe potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, boma n'kuwachotsa pa udindo. Ikani mmene boma la nthawiyo linafotokozera pambali pa mmene akuluakulu a ku Lizulu amasimbira. Tikupemphanso kuti nkhani yolipiridwa ndi kampani kapena bungwe muziilemba poonekera kuti ndi yolipiridwa, ndipo chikalata chimene ofesi yakutumizirani muzinena kuti ndi mawu a ofesiyo, chifukwa ana athu amawerenga zonsezi ngati mawu anu. Nyuzipepala imodzi ikafika pasukulu, ife tidzadula tsambalo, tidzalimata pa katoni kuti lisang'ambike, ndipo lidzayenda makalasi onse.

Ife,
Aphunzitsi a Chichewa ndi mbiri yakale,
Ntcheu